Mitu ya sitima yopuma pantchito ku Livingstone

Alendo ambiri akafika mumzinda wa Livingstone ku Zambia amathamangira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, osadziwa kuti chapafupi pomwepo, ku Railway Museum, kuli mitu ya sitima zakale zoyendera nthunzi itandandalikana pabwalo, ina itadyedwa ndi dzimbiri.

Malowa sanamangidwe kuti akhale osungirako zinthu zakale. Anali shedi ya kampani ya Zambezi Sawmills, komwe amakaniko ankakonzera mainjini. Njanji yochokera kummwera inaoloka Zambezi mu 1905 mlatho wa Victoria Falls utatha, ndipo mu 1906 inali itafika ku Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe. Njanji yonseyo inkafuna matabwa olimba oyala pansi pa zitsulo, ndipo nkhalango za kumadzulo kwa Livingstone zinali zodzaza ndi mukusi, mtengo womwe chiswe chimaulephera. Kampaniyo inayala njanji yakeyake yamakilomita opitirira 160 mpaka ku Mulobezi kuti izitutira zipika.

Eni macheka sankafuna kutaya ndalama pa injini zatsopano. Ankagula zomwe makampani akuluakulu a njanji anali atatopa nazo, zina zopangidwa ku Glasgow m'zaka za m'ma 1890. M'malo mwa malasha, ankasonkhezera zidutswa za mukusi zotsala pocheka, moti wosonkhezera moto ankaponya nkhuni ulendo wonse, thukuta lili kamukamu. Kuumira kumeneku n'komwe kunapulumutsa mainjiniwa: anzawo atadulidwa kale n'kugulitsidwa ngati zitsulo, iwo ankafukabe utsi m'tchire mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970.

Pa nthawi imeneyo kunafika David Shepherd, katswiri wa ku Britain wojambula njovu, yemwe sitima ankazikondanso kwambiri. Mutu umodzi pamodzi ndi bogi anapita nazo kwawo ku England. Boma la Zambia linaika shediyo m'gulu la malo otetezedwa mu 1976, ndipo zitseko zinatsegulidwa kwa alendo mu 1987.

Wofika lero amaona mainjini ang'onoang'ono a m'nkhalango aja ataima pafupi ndi zimphona za mtundu wa Garratt, zomwe kampani ya Beyer Peacock inkapanga ku Manchester. Garratt imakhala ndi bayila pakati ndi magudumu okoka kutsogolo ndi kumbuyo, n'chifukwa chake inkakhota bwino itanyamula malasha ndi mkuwa. Ana amakonda kusuzumira m'ng'anjo yake yozizira, pomwe akuluakulu amachedwa pa mabogi amatabwa ndi zithunzi za anthu amene ankadula mitengo ija.