Mphini, Nyeleti ndi Mapilisi a Malungo

Ambiri a ife tili ndi ambuya ku Katete kapena ku Sinda amene akabwerako kuchipatala ndi mapilisi okha amadandaula kuti, "Adokotala a lero ndi aulesi, sanandilase nyeleti." Timaseka, koma maganizo awo ali ndi pochokera. Chipatala cha St Francis chisanayambe ku Katete mu 1948, makolo athu ankadziwa kale kuti mankhwala ali ndi makomo ambiri olowera m'thupi. Ena anali akumwa, ena ofukiza munthu atafunda nsalu, ena sing'anga ankatema mphini n'kutikitiramo. Choncho nyeleti itabwera sinali yachilendo kwenikweni. Inali mphini ya azungu, ndipo inkapweteka mokhutiritsa.

Pamene ambuya amalondola m'pakuti nyeleti ya mumtsempha imafika msanga. Pilisi ulendo wake ndi wautali: lisungunuke m'mimba, lidutse khoma la matumbo, lilowe m'magazi, kenaka lipyole m'chiwindi, chimene chimaphwanyako gawo lina lisanafike pamene pali matenda. Zotsala zimatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi. Koma kufika msanga sindiko kukhala ndi mphamvu, ndipo mbiri ya malungo kwathu kuno ikuonetsa zimenezi.

Amene tinakulira pa chloroquine tikukumbukira kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja kosagoneka nako tulo. Tizilombo ta malungo tinafika pomuzolowera, ana n'kumafa atamwa mankhwala. Mu 2002 Zambia inasankha Coartem, ndipo inali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kutero. M'pilisi limodzi muli mankhwala awiri. Artemether, wochokera ku chitsamba cha ku China, amakantha tizilombo mofulumira koma amatha m'magazi m'maola ochepa. Lumefantrine ndi wochedwa, amakhala masiku angapo akusesa totsalira, koma ali ndi khalidwe lake: salowa bwino m'magazi ngati m'matumbo mulibe mafuta. N'chifukwa chake anesi amati imwani mutadya, kaya mkaka, kaya ndiwo zotendera ndi nshawa. Ife a m'tauni timamezera ndi madzi okha m'mimba muli gwa, n'kusiya tsiku lachiwiri mutu ukaleka, pomwe amayenera kumwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Kenaka timati mankhwala a boma ndi ofooka.

Nanga mwana amene akusanza chilichonse, kapena wakomoka? Khomo la pakamwa latsekeka. Afunika nyeleti ya artesunate, koma nyeletiyo ili kuchipatala, ndipo amene anayendapo m'midzi ya ku Vubwi nthawi ya dzinja adziwa kuti mtsinje ukadzaza ulendo waufupi umadya tsiku. Mu 2017 ku Serenje anayesa khomo lina. Anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kulowetsa kapisozi wa artesunate kumatako kwa ana osafika zaka 6, kumene amasungunuka n'kulowa m'magazi popanda kumeza, kenaka n'kuthamangira naye kuchipatala pa njinga ya ambulansi. Pambuyo pake njirayi inafikanso ku Vubwi.

Kapisoziyo sachiza, amangogwiriziza moyo panjira. Mwana akafika amalasidwa nyeleti ya ambuya ija, kosachepera katatu m'maola 24 oyamba. Akangoyamba kumeza phala, anesi amaika nyeleti pambali n'kumupatsa Coartem wa masiku atatu kuti amalize tizilombo totsala.