Mtolo Umene Unagwetsa Lotus ndi WordPerfect

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, phunziro la lero litifikitsa ku dziko la America m'zaka za m'ma 1980, pamene makompyuta aang'ono anayamba kulowa m'maofesi. Kompyuta payokha siidziwa kanthu. Imafuna pulogalamu, ndiwo malangizo oiuza cocita. Masiku amenewo mlembi wa makalata anali kugula pulogalamu yochedwa WordPerfect, ndipo wowerengera ndalama anali kugula Lotus 1-2-3, imene inatuluka m'caka ca 1983. Iliyonse mtengo wace unali madola 495, ndipo iliyonse inali ndi kampani yaceyace.

Tsono m'caka ca 1990 kampani ya Microsoft inacita cinthu cimene amalonda a pamsika amacidziwa bwino. Inatenga mapulogalamu ace atatu, Word yolembera, Excel yowerengera ndi PowerPoint yoonetsera zithunzi pa msonkhano, niwamanga mtolo umodzi wochedwa Office, wogwira nchito pa Windows. Mtolowo unagulitsidwa madola 995. Tengani mapensulo anu: munthu wogula mapulogalamu atatu pa madola 495 iliyonse akadalipira zingati? Mwapeza 1,485. Nanga mwini ofesi wa makalaliki zana akadasankha kuti?

Ena amanena kuti Microsoft inapambana cifukwa ca mtengo wokha. Ine ndiona kuti si conco. Windows inali yaceyace ya Microsoft, ndipo eni WordPerfect ndi Lotus anazengereza kukonza mapulogalamu ao kuti ayendepo bwino. Pamene anadzidzimuka, ogula anali atazolowera kwina. Ngakhale kampani ya Borland, imene m'caka ca 1993 inatsitsa pulogalamu yace yowerengera ya Quattro Pro kufika pafupi madola 50, siinathe kubweza anthu.

Mapeto ace anadza msanga. WordPerfect inagulidwa ndi Novell m'caka ca 1994, ndipo patapita zaka ziwiri inagulitsidwanso kwa Corel ya ku Canada. Lotus inamezedwa ndi IBM m'caka ca 1995.

Mpikisano unadzukanso kucokera kumene anthu sanayembekeze. M'caka ca 2000 kampani ya Sun inatsegulira onse malangizo a pulogalamu yace ya StarOffice, ndipo m'menemo munabadwa OpenOffice, kenaka LibreOffice m'caka ca 2010. Zimenezi munthu amatenga kwaulere. Aphunzitsi amene muli ndi kompyuta pasukulu, muonetse ana pulogalamu imene ilimo, ndipo afufuze dzina la amene anaipanga.