Pamene Minnesota Inagulitsa Garnett

Anzanga acinyamata, tinene kuti timu imene mumakonda ikuluza caka ndi caka, ndipo katswiri wake mmodzi yekhayo wayamba kukula. Kodi mungamsunge kapena kumgulitsa? Funso limeneli linagaŵanitsa okonda basketball mumzinda wa Minneapolis, ku America, mu 2007.

Kevin Garnett analoŵa timu ya kumeneko, Minnesota Timberwolves, mu 1995 atangotsiriza sukulu ya sekondale. Mu 2004 anasankhidwa kukhala woseŵera woposa onse mu NBA. Zitatero zinthu zinayamba kuvuta: kwa zaka zitatu zotsatizana timuyo inalephera kufika pa ndime yolimbirana cikho. Ena anaona kuti kutaya munthu amene waŵatumikira zaka 12 nkusayamika. Ena anati pa zaka 31, agulitsidwe mtengo usanagwe.

Pa 31 July 2007 anamtumiza ku Boston Celtics, posinthana ndi oseŵera asanu ndi malo aŵiri osankhira oseŵera atsopano. Mu 2008 Garnett ananyamula cikho ndi Boston. Nanga Minnesota? Inapambana maseŵera 22 okha mwa 82.

Kodi ndiye kuti ofuna kumsunga ananena zoona? Ine sindikuganiza conco, pakuti m'caka cake cotsiriza timu inaluza maseŵera 50 iye ali m'timu momwemo. Analakwitsa pogwiritsa nchito zimene analandirazo. Mu 2009, pa amodzi mwa malo aja, anasankha Jonny Flynn. Wotsatira wake pamndandanda, amene anatengedwa ndi Golden State, anali Stephen Curry! Minnesota inadikira mpaka 2018 kuti ifikenso pa ndime ija.