Mtanda wofiira m'nkhungu ya pa Chikangawa

Nkhungu ya pa Chikangawa siodira. Mutha kunyamuka pa Jenda kunja kuli ngwee, koma mukangopitirira pa Mtangatanga, pomwe msewu wa ku boma la Mzimba umapatukira, dalaivala amayamba kupukuta galasi ndi dzanja, nyali zili zoyaka masanasana. Mu Juni ndi Julaye chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa.

Nyengo inali yoteroyo Lolemba pa 10 Juni 2024 pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inasowa itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Kuyambira tsikulo mpaka m'mawa wa Lachiwiri, anthu mazanamazana anali m'tchire: asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito za nkhalango. Pakati pawo panalinso a bungwe la Malawi Red Cross Society. Ndege inapezeka pa 11 Juni cha ku Nthungwa, wopulumuka panalibe. Za ngoziyo zalembedwa zambiri. Ine mtima wanga unatsalira pa anthu ovala mtanda wofiira aja, amene timangowakumbukira zinthu zikavuta. Kodi gulu lawo linachokera kuti, nanga linafika bwanji kuno kumapiri a Viphya?

Chiyambi chake chili kutali, kumpoto kwa Italy. Pa 24 Juni 1859, pafupi ndi mudzi wa Solferino, asilikali a France ndi Sardinia anamenyana ndi a Austria tsiku lathunthu. Pofika madzulo, anthu pafupifupi 40,000 anali atafa kapena kuvulala. Madzulo omwewo panafika munthu wamalonda wa ku Geneva, Henry Dunant, yemwe amalondola mfumu Napoleon III kuti akadandaule za bizinesi yake ya ku Algeria. Sanali dokotala, sanali msilikali. Ataona ovulala ali ngundangunda popanda wowapatsa ngakhale madzi, anaiwala zomwe anayendera. Anamema amayi a m'tauni ya Castiglione, ndipo anasandutsa tchalitchi kukhala chipatala. Amayiwo amatunga madzi, kutsuka mabala ndi kung'amba nsalu zomangira, osafunsa kuti wovulalayo amamenyera mbali iti.

Mfundo imeneyi musaiphonye: oyamba kugwira ntchito ya Red Cross anali amayi wamba, ndi ndowa zawo ndi nsalu zawo. Maofesi, magalimoto ndi mbendera zinabwera pambuyo.

Dunant analemba buku la zomwe anaona, lomwe linatuluka mu 1862. Chaka chotsatira anthu 5 anakhala pansi ku Geneva nakhazikitsa komiti yomwe lero ndi International Committee of the Red Cross. Mu Ogasiti 1864 mayiko 12 anasaina pangano loyamba la ku Geneva loteteza ovulala pankhondo ndi owasamalira, ndipo chizindikiro chinakhala mtanda wofiira pansalu yoyera. Dunant mwiniwake bizinesi inamugwera, anasauka mpaka kuiwalika, koma mu 1901 analandira nawo mphoto yoyamba ya mtendere ya Nobel. Tsiku lake lobadwa, 8 Meyi, ndilo tsiku la Red Cross padziko lonse.

Kuno kwathu mtandawu unafika mu 1932, ngati nthambi ya ku Nyasaland ya British Red Cross. Unali m'manja mwa atsamunda, ndipo mizu yake inali m'matauni. Zinthu zinasintha mu 1966, chaka chomwe Malawi inakhala lipabuliki, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Malawi Red Cross Society ngati bungwe la dziko lino loima palokha, lothandizana ndi boma pa ntchito zachifundo. Ku Geneva analivomereza mu 1970, ndipo mu 1971 linalowa m'chitaganya cha mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent. Lero likulu lake lili ku Lilongwe, nthambi zake zili m'maboma onse, ndipo mtsogoleri wa dziko ndiye mtetezi wake wolemekezeka, amene amatsegulira sabata yogulitsa timbendera topezera ndalama.

Koma kungakhale kunama kunena kuti anthu a ku Mzimba anaphunzira kuthandizana mu 1932. Kulimirana m'minda mosinthana, kumene ena amati chikumu ena dima, kunalipo kale. Maliro akagwa, palibe amalemba kalata yoitanira adzukulu kumanda kapena amayi kumafuwa. Mawu akuti thangata nawonso poyamba amatanthauza kuthandizana, asanaipitsidwe ndi eni minda ikuluikulu a kummwera amene anawasandutsa ntchito ya kalavulagaga. Mpingo utafika unamanga pamaziko omwewo. Donald Fraser atatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, mkazi wake Agnes, yemwe anali dokotala, amaona odwala pomwepo, ndipo chipatala cha Embangweni chilipo mpaka lero. Amayi a Umanyano a sinodi ya Livingstonia, ndi anzawo a mipingo ina, akhala akuyendera odwala, kutungira madzi okalamba ndi kugona pasiwa kwa zaka zambirimbiri popanda wowalembera lipoti. Amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukiranso Youth Week, pamene ana asukulu amalambula misewu ndi kuumba njerwa, ngakhale kuti kumeneko kukana kunali kovuta, ndipo mwambowo unazilala ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994.

Nanga chatsopano chimene Red Cross inabweretsa n'chiyani? Ine ndimaona ziwiri. Choyamba ndi luso: chifundo chokha sichiletsa magazi kutuluka. Chachiwiri ndi lamulo loti wovutika safunsidwa mtundu, mpingo kapena chipani. Chikumu chimathandiza wapamudzi, bungwe la mpingo limayambira kwa a mumpingo, koma mtanda wofiira umayenera kugwada pambali pa mlendo amene dzina lake sulidziwa.

Mayeso aakulu a lamulo limeneli anabwera ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira 1986 anthu anayamba kukhamukira kuno, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni, ambiri ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Ntchito yogawa chakudya kwa chinamtindi chimenechi inagwera kwambiri Malawi Red Cross, mpaka anthuwo atayamba kubwerera kwawo pangano la mtendere la ku Rome litasainidwa mu Okutobala 1992. Bungwe lomwe ambiri amalidziwa ndi mabandeji pabwalo la mpira linakula msinkhu m'zaka zimenezo.

Chichokereni apo mavuto sanapereke mpata. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009, madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenaka Freddy mu Malichi 2023, yemwe anapha anthu oposa 600 ndi kusiya mazana ena osapezeka. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inakwera mpaka kumpoto, ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Mzimba, ndipo dziko lonse inatenga miyoyo yoposa 1,700. Apo mavolontiya amayenda khomo ndi khomo ndi kolorini, kuphunzitsa kusungunula Thanzi ndi kuthamangitsira odwala kuchipatala. Palinso ntchito yachetechete yomema anthu kupereka magazi mogwirizana ndi Malawi Blood Transfusion Service, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003. Magazi ambiri amachokera kwa ophunzira a kusekondale, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa, pomwe amayi oyembekezera ndi ana odwala malungo sadikira kuti teremu iyambe.

Mukaona mndandanda umenewu muona kuti mbiri ya bungweli yalembedwa kwambiri kuchigwa ndi kunyanja, kumene madzi amasefukira. Chikangawa ali pamtunda. Ngozi zake n'zamtundu wina, ndipo zimabwera imodziimodzi, popanda makamera.

Nkhalangoyi inabzalidwa ndi manja. Kubzala kwakukulu kunayamba mu 1964, cholinga chili chakuti mitengo ya paini idyetse fakitale ya zopangira mapepala yomwe imayembekezeka kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, koma mitengo inakula pamahekitala pafupifupi 53,000, kuchokera ku Luwawa kudzera Chikangawa, Nthungwa ndi Mazamba mpaka ku Lusangazi. Mu 1999 kampani ya Raiply inatenga mahekitala 20,000, ndipo mbali zina munalowa ocheka matabwa ambirimbiri, mpaka mapiri ena anatsala zitsa zokhazokha. Kumene kuli macheka kuli mabala. Kumene mtengo ukugwa wina umamupsinja. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba moto umalusa, ndipo ozimitsa ambiri amapita ndi nthambi zamasamba m'manja. Onjezanipo msewu wa M1 wokhotakhota, nkhungu ija, ndi malole olemedwa ndi matabwa. Zipatala zazikulu, cha boma ku Mzimba ndi Mzuzu Central, zili kutali, ndipo m'makwalala ambiri foni sigwira. Munthu akavulala m'kati mwa nkhalango, amene ali naye pafupi ndiye dokotala wake kwa ola loyamba.

Ndinaziona ndekha chaka china m'nyengo ya mvula, nthawi imene ana amaima m'mbali mwa msewu ndi mabeseni a bowa. Minibasi yathu inapeza lole itagona chammbali pakona, matabwa ali mbwee mumsewu. Mnyamata wothandiza dalaivala anali pansi, mwendo utathyoka pansi pa bondo, magazi akutuluka pantchafu. Tonse tinatsika, tonse tinali ndi chisoni, ndipo aliyense anali ndi nzeru yake. Wina amati timuthire dothi pabalapo, wina amafuna kumumwetsa madzi, anyamata awiri anali atamugwira kale m'khwapa kuti amukokere m'galimoto.

Mayi wina amene tinakwera naye, wachitsikana ndithu, anawaletsa. "Abambo, chonde musamunyamule kaye. Achimwene, bwerani mugwire apa, mukanikize ndi mphamvu, musasiye." Anamasula chitenje chake, nachipinda, nachiika pabala. Chitanyowa sanachichotse, anapempha china n'kusanjika pamwamba. Kenaka anasankha timatabwa tiwiri pa omwe anamwazika aja, natiika uku ndi uku kwa mwendo, namanga ndi mipango ya amayi. Nthawi yonseyi amamuyankhula mnyamatayo, kumufunsa kwawo, kuti asakomoke ndi mantha. Pomaliza tinamugoneka pathabwa lalikulu, anthu 6 n'kunyamula limodzi. Titayambanso ulendo ndinamufunsa ngati anali namwino. Anati ayi, ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo zimenezi anaziphunzira ku kalabu ya Red Cross ali kusekondale. Manja ake anali akunjenjemera pamene amanena zimenezi.

M'minibasi monse, wodziwa chochita anali mmodzi. Akanakwera galimoto ina, tikanamupweteka mnyamata uja ndi chifundo chathu chomwe.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Zaka za mapulojekiti zatiphunzitsa khalidwe loipa. Lero mukaitana anthu kumaphunziro, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi kuli alawansi?" Sindikunyoza munthu wosauka amene wasiya munda wake tsiku lonse, kumupatsa ya sopo ndi yoyendera n'chilungamo. Koma kudzipereka kukamangidwa pa ndalama za pulojekiti, pulojekiti ikatha gulu limathanso, mabuku a mayina n'kumadyedwa ndi chiswe. Ndipo popeza opereka ndalama amathamangira kumene kwagwa namondwe, malo ngati Chikangawa, kumene anthu amavulala mmodzimmodzi, amatsalira m'mbuyo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sananene kuti uyambe wafunsa za malipiro.

Chonsecho zofunika kudziwa si zambiri, ndipo munthu atha kuziphunzira m'masiku ochepa. Bala lotuluka magazi limafuna kukanikiza, osati dothi. Wopsa ndi moto amafuna madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Wokomoka koma akupuma amagonekedwa chammbali ndipo samwetsedwa kanthu. Amene mukumukayikira kuti wavulala msana kapena khosi sapindidwa pomunyamula. Wolumidwa ndi njoka satemedwa mphini, amathamangitsidwa kuchipatala mwendo kapena dzanja lili chete. Zida zake zoyambira ndi zomwe tili nazo kale: chitenje, mpango, ndowa ndi thabwa, lomwe pa Chikangawa silisowa.

Choncho pempho langa likupita kwa eni macheka ndi makampani a matabwa, kuti pa msasa uliwonse pakhale anthu osachepera awiri ophunzitsidwa chithandizo choyamba, ndi bokosi la mabandeji lomwe silikhala lokhoma. Likupita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu za m'mbali mwa M1, kuchokera pa Jenda mpaka pa Lusangazi, kuti adzutse makalabu a Red Cross. Likupitanso kwa mafumu athu, amayi a Umanyano, madalaivala a minibasi ndi anyamata a kabaza. Nthambi za Red Cross ku Mzimba ndi ku Mzuzu zilipo, ndipo kuphunzitsa chithandizo choyamba ndi ntchito yawo. Sonkhanani, lembani mayina, mukagogode pakhomo pawo nyengo ya moto isanafike.