Vuto la mafuta la 1973

Vuto la mafuta la 1973 lidali kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto ndi a m'mafakitale komwe kudachitika pamene mayiko achiarabu okumba mafuta adachepetsa mafuta ogulitsa kunja pa nthawi ya nkhondo ya Yom Kippur. Vutoli lidaonetsa kuti dziko lodalira mafuta ochokera kunja likhoza kugwedezeka ndi nkhondo yomenyedwa kutali.

Chiyambi

Pa 6 Okutobala 1973, Egypt ndi Syria adathira nkhondo Israel. Dziko la United States lidatumiza zida ku Israel pa ndege. Pa 17 Okutobala, mayiko a m'bungwe la OAPEC adagwirizana zoti mwezi uliwonse azichepetsa mafuta okumba ndi magawo 5 pa 100 alionse. Kenaka adaletsa kugulitsa mafuta ku United States ndi Netherlands, ndipo pambuyo pake chiletsocho chidakhudzanso Portugal, South Africa ndi Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe.

Zotsatira

Mtengo wa mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita pafupifupi 159, udachoka pa madola 3 n'kufika pafupifupi madola 12 pofika Januwale 1974. Ku United States magalimoto ankakhala pa mizere italiitali podikira petulo, ndipo boma lidalamula kuti asamathamange kupitirira mamailosi 55 pa ola. Ku Netherlands kuyendetsa galimoto Lamlungu kudaletsedwa kwa kanthawi. Mayiko osauka omwe alibe zitsime za mafuta adavutika chifukwa ndalama zambiri zakunja zinkathera kugula mafuta. Chiletso cha United States chidachotsedwa mu Malichi 1974, koma mitengo siidabwerere mwakale.

Njira zodzitetezera

Mu Novembala 1974 mayiko olemera adakhazikitsa bungwe la International Energy Agency, lomwe likulu lake lili ku Paris. Mayiko a m'bungweli omwe amagula mafuta kunja amayenera kusunga mafuta okwanira masiku 90. Mu 1975 United States idakhazikitsa lamulo lomanga nkhokwe za boma zosungiramo mafuta. France idayamba kumanga malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya, pomwe Brazil idalimbikitsa ethanol wochokera ku nzimbe. Malawi adatsata njira yofanana ndi ya Brazil: kuyambira 1982, ethanol wopangidwa ku Dwangwa amasakanizidwa ndi petulo pofuna kuchepetsa mafuta oitanitsa kunja.