MTCHONA WA KU COKEBURG: MBIRI YA MKANGANO UMENE SUKUTHA

Patchuthi chapitachi ndidapeza kaganyu kosanja mapepala mu ofesi ina ku Area 13, kufupi ndi laibulale yaikulu ya ku City Centre. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, ine ndi mnzanga wina tinkakhala pakhonde n'kumaonera pa kompyuta sewero lakale la ku America lotchedwa Quantum Leap. Sitidaonere zigawo zonse ayi, tinkachita kusankha. Tsiku limene tidafika pa chigawo chotsiriza tidakangana mpaka nthawi yolowera idatipitirira. Pofufuza pambuyo pake ndidapeza kuti mkangano wathuwo ndi wamkulu kuposa ife, pakuti udayamba tonsefe tisanabadwe. Ndiye ndati ndiutule pano kuti anzanga okonda mbiri yakale tiuunike pamodzi.

Seweroli lidayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya NBC pa 26 Malichi 1989, ndipo adalipeka ndi Donald P. Bellisario. Mwini nkhani ndi Dr Sam Beckett, katswiri wa sayansi amene adapanga makina oyendera m'nthawi m'chipululu cha New Mexico. Atalowa m'makinamo adayamba kudzuka m'malo mwa anthu ena a zaka zam'mbuyo, koma zaka zake zosapitirira pa tsiku limene iye adabadwa. Akayang'ana pa kalilole ankaona nkhope ya munthu wina. Ntchito yake idali kukonza chimene chidalakwika pa moyo wa munthuyo, ndipo akakonza ankadumphira kwina. Bwenzi lake Al Calavicci, msilikali wa pamadzi, ankamuonekera ngati chithunzithunzi n'kumamuuza za m'tsogolo. Scott Bakula ndiye ankasewera Sam, Dean Stockwell nasewera Al. M'zigawo zonse, zoposa 90, funso lidali limodzi: kodi akumutuma ndani, ndipo adzabwerera liti kwawo?

Chigawo chotsiriza, chotchedwa Mirror Image, chidaonetsedwa pa 5 Meyi 1993. Kuno kwathu palibe adachitapo chidwi. Tidalibe wailesi yakanema yathuyathu kufikira 1999, ndiponso maso a Amalawi adali pa riferendamu ya pa 14 Juni chaka chomwecho. M'chigawochi Sam akutulukira mu bala ina m'tauni ya migodi ya malasha ya Cokeburg, ku Pennsylvania, pa 8 Ogasiti 1953, tsiku lomwe iye adabadwa. Pa kalilole akuona nkhope yakeyake. Wogulitsa mowa dzina lake ndi Al, ndipo akudziwa zambiri za Sam zimene munthu wamba sakadadziwa. Ena mwa omwa mowawo ali ndi nkhope za anthu amene Sam adawathandiza kale. Mgodi utagumuka, nkhalamba ina yotchedwa Stawpah ikuthandiza kupulumutsa anyamata awiri, kenaka ikuzimirira m'kuwala monga achitira Sam, ndipo zikudziwika kuti nkhalambayo idamwalira kale mu 1933. Wogulitsa mowa uja akuuza Sam kuti amene wakhala akumuyendetsa ndi iye mwini, ndi kuti angathe kupita kwawo pamene wafunira. Sam sakupita. M'malo mwake akudumphira ku 1969 kukauza Beth, mkazi wa bwenzi lake Al, kuti mwamuna wake ali moyo m'ndende ya ankhondo ku Vietnam, choncho amudikire. Chotsatira ndi mawu olembedwa pa chinsalu chakuda: Beth sadakwatiwenso, iye ndi Al adabereka ana aakazi anayi, koma Sam sadabwererenso kwawo. Sewero lathera pomwepo.

Kuchokera tsiku limenelo okonda seweroli adagawikana. Gulu loyamba limati wogulitsa mowayo ndi Mulungu. Umboni wawo ndi wakuti amadziwa zonse, ndiponso Bruce McGill, amene adasewera malo amenewa, adaonekanso m'chigawo choyambirira cha 1989, ngati kuti wakhala akumulondola Sam kuyambira pachiyambi. Gulu lachiwiri limati Sam adafa, ndipo balayo ndi pachipata pakati pa amoyo ndi akufa, purigatoriyo monga amanenera Akatolika. Iwowa amaloza Stawpah: ngati munthu wakufa angathe kumadumphabe n'kumathandiza amoyo, Sam wasiyana naye pati? Gulu lachitatu limati Sam ali moyo ndithu, ndipo adasankha yekha kusabwerera chifukwa sakadatha kupumula anthu ena ali pamavuto. Palinso ena amene amati pokonza banja la Al, Sam adagwetsa yekha mlatho wobwererapo, pakuti awiriwa adadziwana Al ali wosweka mtima ndi woledzera. Al wa banja lokondwa mwina sakadakumana ndi Sam n'komwe.

Mnzanga wa pakhonde uja adali wa gulu lachiwiri, ine wa lachitatu. Koma aphunzitsi athu a mbiri yakale amatiuza kuti tisanatanthauzire chikalata tiyambe tafunsa kuti adachilemba ndani, liti, ndipo zinthu zidali bwanji pamene ankalemba. Tikafunsa chomwecho, mizimu ina ikubalalika. Bellisario adabadwa pa 8 Ogasiti 1935, ndipo tsiku lobadwa la Sam ndi lomwelo, atangotembenuza manambala awiri otsiriza a chaka. Adakulira ku Cokeburg komweko, kumene bambo ake, a Albert, adali ndi bala. Tsono munthu amene ena amamutcha Mulungu adaumbidwa kuchokera kwa bambo a mlembi, ndipo chipata cha akufa chija ndi malo amene mlembiyo ankasewera ali mwana. Chachiwiri, pamene ankajambula chigawochi sankadziwa ngati NBC idzalola kuti seweroli lipitirire. Lidalembedwa kuti likhoze kutseka nkhani kapena kutsekula ina. NBC italiimitsa, mawu aja adaikidwa kumapeto, ndipo dzina la Beckett lidalembedwa molakwika, ndi t mmodzi. Ena mwa okonda seweroli mpaka pano amati cholakwikacho chidali chadala ndipo chili ndi tanthauzo lobisika. Mu 2019 kachidutswa ka filimu kadatulukira pa intaneti koonetsa mathero ena amene adajambulidwa koma osagwiritsidwa ntchito, m'mene Al akukambirana ndi Beth zopita kukamusaka Sam.

Kodi pamenepa mkangano watha? Ine ndikuti ayi. Kudziwa kuti nkhani idadulidwa ndi eni malonda kukutiuza chifukwa chake mpata ulipo, koma sikukutiuza chifukwa chake anthu akhala akuudzaza mpatawo kwa zaka zoposa 30. Izi si zachilendo kwa ife. Matthew Schoffeleers, amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, adasonkhanitsa nkhani zosiyanasiyana za imfa ya M'bona wa ku Khulubvi, ku Nsanje, ndipo m'buku lake la River of Blood la 1992 adasonyeza kuti nkhaniyo imasintha malinga ndi amene akuifotokoza ndi zimene akufuna kuteteza. Sadataye nkhani zimenezo chifukwa chakuti zikutsutsana. Adaziwerenga monga umboni wa anthu ozinenawo. Chimodzimodzi pano: wonena kuti Sam adafa, ndi wonena kuti adasankha, aliyense akutiuza za iye mwini.

Phunziro limeneli sindidalipeze m'buku. Pa ofesi ija padali alonda achikulire amene ankakonda kuimirira kumbuyo kwathu tikamaonera. Chingerezi sankachimva bwino, koma tinkawamasulira. Tsiku la mkanganolo adatimvetsera mpaka tidatopa, kenaka adati: "Ana inu, mukuvutikiranji? Ameneyu ndi mtchona basi." Tidaseka. Iwo sadaseke. Adatiuza kuti bambo awo adapita ku Joni pa Wenela iwo ali mwana wosavala, ndipo sadabwerenso. Makalata adabwera zaka ziwiri, kenaka zii. Kumudzi anthu adagawikana: ena amati mgodi udawakwirira, ena amati adakwatira mkazi wa komweko, ena amati adapatsidwa mankhwala oiwalitsa kwawo, ena amati akusunga ndalama ndipo adzatulukira ndi njinga ndi wailesi. Mayi awo sadamete maliro, ndiponso sadakwatiwenso. "Kodi uyu wanuyu," adatifunsa, "adasiya mkazi?"

Funsoli lidatisowetsa chonena, chifukwa yankho lake ndi inde. M'chigawo cha 1991 chotchedwa The Leap Back zidaululika kuti Sam ali ndi mkazi, Donna, amene akumudikira, ndipo iye samukumbukira akakhala paulendo. Magulu onse aja amakangana za Mulungu, za imfa ndi za makina, koma ambiri amamuiwala mayi ameneyu. Sam adabwezera Beth mwamuna wake, namusiya Donna m'mavuto omwewo amene adachotsamo Beth. Munthu wochokera m'dziko limene amuna oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 sangalephere kuona zimenezi. Ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown pa 4 Epulo 1974, imene idapha Amalawi 74 ndi kuchititsa Dr Banda kuimitsa ulendo wa ku migodi, idalembedwa m'mabuku chifukwa akufawo adawerengeka. Matchona sadawerengeke. Nkhani zawo zidathera m'malere monga ya Sam, ndipo otsala kumudzi ndiwo adapeka mathero kuti akhoze kugona tulo.

Pomva zimenezi ndidayamba kukaika gulu langa lomwe. Ndinkati Sam ndi ngwazi chifukwa adasankha kutumikira ena. Koma kusankha kwa munthu mmodzi kumalipiridwa ndi wina amene sadafunsidwe. Mnzanga nayenso adavomera kuti kunena kuti Sam adafa n'kophweka, chifukwa wakufa sitimuimba mlandu wosabwera. Mwinatu n'chifukwa chake ambiri amakonda tanthauzo limenelo.

Eni seweroli sadatithandize kuweruza. Dean Stockwell adamwalira mu Novembala 2021. Mu Seputembala 2022 NBC idayambitsa Quantum Leap yatsopano, mwini nkhani ali Dr Ben Song, woseweredwa ndi Raymond Lee. Beth adaonekamo pamodzi ndi mmodzi wa ana ake aja, koma Scott Bakula sadalowemo, ndipo seweroli lidaimitsidwa mu 2024 Sam asanapezeke.

Tsiku langa lotsiriza pa ganyu ija ndidafunsa alonda aja kuti iwo pamtima pawo amakhulupirira ziti za bambo awo. Adati zimatengera tsiku. Akakhala ndi njala amati adawathawa. Akapita ku tchalitchi amati adafa. Mayi awo adamwalira akusungabe makalata aja m'chitini cha tiyi, ndipo chitinicho chili kwa mlongo wawo ku Dedza.