Pamene Mtsinje wa Shire Unaleka Kuyenda

Munthu woona madzi a Shire pa Liwonde sangaganize kuti mtsinje waukulu chotere ungaime. Komatu unaima, ndipo unakhala chiimire zaka 20. Mbiri yake isonyeza kuti mvula ya dziko lino siigwa mofanana m'mibadwo yonse.

Shire atuluka m'Nyanja ya Malawi. Nyanjayo imalandira madzi a mvula ndi a mitsinje monga Songwe, Rukuru, Bua, Linthipe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Koma madzi ambiri a m'nyanjamo amauma ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo otsikira mu Shire ndi ochepa. Chifukwa chake mvula ikachepa zaka zingapo zotsatana, nyanja imatsika, ndipo Shire amafooka.

M'chaka cha 1875 madzi anali okwanira, kotero kuti sitima ya amishoni yotchedwa Ilala inakwera Shire nilowa m'nyanja. Pambuyo pake mvula inayamba kuchepa, nyanja nitsika pang'onopang'ono. Timitsinje ta m'mbali tinakokolera mchenga ndi matope mu Shire, bango linamera pamenepo, ndipo njira ya madzi inatsekeka. Pofika 1915 madzi a m'nyanja analeka kutuluka. Sitima sizinathenso kudutsa. Nyanja ya Malombe inaphwa, ndipo anthu analima minda pamalo pamene kale ankaponya makoka.

Kumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene nthawiyo kunkatchedwa Port Herald, madambo anauma. Amang'anja anatsegula madimba ambiri m'nthaka yachondeyo, nalima chimanga ndi thonje. Ana anabadwa nakula osadziwa kuti malowo anali a madzi.

Koma mvula inachulukanso, nyanja inadzala, ndipo m'chaka cha 1935 madzi anaboola mchenga uja. M'zaka zotsatira Malombe anabwerera, madimba a kumunsi anamira, ulimi wa thonje unagwa, ndipo mabanja ambiri anasamukira kumtunda kumene nthaka inali youma.

Madzi atabwerera, chilala sichinathe ai. M'dzinja la 1948 mvula inayamba bwino, kenaka inadula chimanga chili chaching'ono. Kunagwa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri midzi ya m'boma la Blantyre, monga ku Lunzu. Amuna anapita kutali kukasuma, ndipo Boma linatsegula malo ogawirapo chakudya.

M'chaka cha 1965 anamanga chotchinga madzi pa Liwonde, kuti Shire aziyenda mwa muyeso, pakuti magetsi a pa Nkula, amene anayamba mu 1966, adalira mtsinjewu. Chikhalirechobe nyanja sinaleke kutsata mvula. Inakwera kwambiri mu 1980, inatsika mu 1997, ndipo mu 2024 inakweranso nimiza nyumba ndi minda ku Mangochi.

Akatswiri a zanyengo anena kuti tsopano dziko lapansi likunka litentha, ndipo chilala ndi madzi osefukira zidzakula mphamvu. Tsono mbiri ya Shire iyenera kukumbukika m'midzi. Mlimi wanzeru sadalira chimanga chokha. Amabzalanso chinangwa, mapira ndi mbatata, zimene zipirira dzuwa. Ndipo pofuna malo a nyumba amayamba wafunsa akuluakulu kumene madzi anafika kale, pakuti madzi saiwala khwawa.